Kupatsa N'kuika: Amayi Amene Adatiyezera Thambo

Ana anga, mwezi wa Novembala maso a mlimi aliyense amakhala kumwamba kusakasaka mtambo wa mvula. Usiku wina kukayera, mwezi kulibe, mutuluke pabwalo kutali ndi magetsi, mutembenukire kummwera. Mudzaona timitambo tiwiri totuwa, kena kokulirapo kena kakang'ono, toti mphepo siitisuntha. Timeneto si ta mvula. Ndi magulu a nyenyezi zosawerengeka, zotalikira mwakuti diso silingathe kuzilekanitsa, ndipo akatswiri amati Mitambo ya Magellan. Ku Ulaya ndi ku Boston siioneka, ife kuno timaiona ulere. Koma amene adaulula chinsinsi cha kamtambo kakang'onoko adali mayi wina wogontha wa ku Massachusetts, wolandira masenti 30 pa ola, ndipo zithunzi zimene ankayang'anazo zidajambulidwa ndi telesikopu yogulidwa ndi ndalama za mayi mnzake, gogo wa ku New York.

Nkhaniyi muimvetsere bwino, chifukwa amayi a mitundu iwiri yomweyo ali pakati pathu. Wina Mulungu adamupatsa mutu wa masamu koma m'thumba muli mbee. Wina ali nako kangachepe koma sadziwa kuti kangafike patali bwanji. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la thambo lidasenzedwa awiriwa atakumana.

Tiyambe ndi mayi wamasiye. Anna Palmer adali mwana wa mpondamatiki wa ku New York, ndipo mu 1867 adakwatiwa ndi Henry Draper, dokotala amene mtima wake udali pa kujambula nyenyezi. Ntchitoyo ankaigwira limodzi. Mu 1878 adapita ku Wyoming kukajambula kadamsana wa dzuwa. Mayi Draper adapatsidwa udindo wowerenga masekondi mokweza mawu kuti ojambula asaphonye nthawi, ndipo adakhala m'tenti poopa kuti akayang'ana kumwamba asokoneza chiwerengero. Mtunda wonsewo adayenda, koma kadamsanayo sadamuone. Mu 1882 amuna awo adamwalira ali ndi zaka 45 zokha, ntchito ili pakati.

Kwathu kuno tikataya wokondedwa timamanga chiliza, ndipo ndi ulemu woyenera. Mayi Draper chiliza cha amuna awo adachimanga mwa mtundu wina. Mu 1886 adapangana ndi Edward Pickering, mkulu wa malo ofufuzira nyenyezi a yunivesite ya Harvard, kuti iwo azipereka ndalama chaka ndi chaka kuti ntchito ya malemuwo ipitirire, ntchito yojambula kuwala kwa nyenyezi ndi kuzisanja m'magulu. Zipangizo za amuna awo nazo adazipereka. Sadangoponya kamodzi n'kuomberedwa m'manja. Adalipira mpaka imfa yawo mu 1914, nasiyanso chuma china m'wilo kuti ntchito isaime. Mpaka lero nyenyezi zambirimbiri zimadziwika ndi nambala yoyamba ndi zilembo HD, zoimira dzina la Henry Draper.

Apa ndipatuke pang'ono. Mayi Draper adatha kupatsa chifukwa chuma chimene bambo awo adawasiyira chidakhala m'manja mwawo. Inu achibale amene mumathamangira makiyi a nyumba maliro asanathe, chikhalirecho lamulo la 2011 lidaletsa kulanda katundu wa amasiye, dziwani kuti simulanda mbale ndi malata okha. Mumalandanso zonse zimene mayiyo akadachitira ana ake ndi ana a eni.

Wachiwiri ndi Catherine Wolfe Bruce, mwana wa George Bruce amene adalemera ndi ntchito yosula zilembo zosindikizira mabuku. Mayiwa sadakwatiwe ndipo sadali katswiri wa nyenyezi. Mu 1889, ali ndi zaka 73, adayankha pempho la a Pickering lofuna telesikopu yaikulu yojambulira thambo, napereka madola 50,000. Telesikopuyo, ya galasi la mainchesi 24, idakaimikidwa mu 1896 ku Arequipa, m'mapiri a ku Peru, kumene thambo la kummwera limaoneka bwino lomwe, ndipo mu 1927 idasamutsidwira ku Africa kuno, pafupi ndi Bloemfontein. Dzanja la Mayi Bruce silidathere pa Harvard. Adathandiza akatswiri a m'mayiko ena, monga Max Wolf wa ku Heidelberg, ndipo mendulo imene adakhazikitsa ikuperekedwabe. Adamwalira mu 1900, kudakali zaka 12 kuti chipatso chachikulu cha telesikopu yawo chioneke. Akale adati kupatsa n'kuika. Ambirife timaika tikuyembekeza kudzatenga tokha. Gogoyu adaika akudziwa kuti odzatenga ndi ena.

Tsono zithunzi zikajambulidwa pamafunika maso. Nthawi imeneyo zithunzi za thambo zinkajambulidwa pa magalasi, osati pa pepala. Usiku amuna ankajambula, masana akazi ankakhala m'chipinda ndi kagalasi kokuzira zinthu m'manja, kuyang'ana kadontho kalikonse, kuyeza ndi kulemba. Amene ankawatsogolera adali Williamina Fleming wa ku Dundee ku Scotland. Adafika ku Boston mu 1878 ndi amuna awo, koma bamboyo adawathawa ali ndi pakati, ndipo adalowa ntchito ya m'nyumba kwa a Pickering. Kwawo adaphunzitsapo ana kuyambira ali ndi zaka 14. Abwana ataona kuti m'mutu mwa wantchitoyu muli zambiri, adawasamutsira ku ofesi, ndipo mu 1881 adalembedwa ntchito yokhazikika. Buku loyamba la Draper, la 1890, lidali ndi nyenyezi zoposa 10,000, zambiri zosanjidwa ndi iwo. Mu 1888 adaona pa galasi lina mtambo wakuda wooneka ngati mutu wa hatchi, m'gulu la nyenyezi la Orion, umene lero uli m'mabuku a ana a sukulu. Kanthu n'khama, phwiti adakwatira njiwa. Inu amene muli ndi mtsikana wantchito pakhomo, mudayamba mwamufunsapo kuti sukulu adalekeza kalasi yanji, ndipo chidamuletsa n'chiyani?

Mu 1896 padabwera Annie Jump Cannon, amene makutu awo ankamva movutikira kwambiri. Kuwala kwa nyenyezi kukadutsa m'galasi la ngodya zitatu kumamwazika m'mitundu ya utawaleza, ndipo m'menemo mumaoneka timizere takuda tosiyana malinga ndi nyenyezi. Mayi Cannon ankawerenga timizere timeneti mwaliwiro lodabwitsa, nyenyezi zitatu pa mphindi imodzi. Adakonza magulu asanu ndi awiri, O, B, A, F, G, K ndi M, amene akatswiri a dziko lonse adawavomereza mu 1922 ndipo akugwirabe ntchito. Dzuwa lathu lili m'gulu G. Buku lalikulu la Draper, losindikizidwa pakati pa 1918 ndi 1924, lili ndi nyenyezi 225,300, iliyonse itadutsa pamaso pa mayi mmodzi ameneyu.

Koma mtima wanga uli pa Henrietta Swan Leavitt, mwana wa m'busa, mayi wofatsa amene makutu adagontha atangotsiriza koleji ndipo ankadwaladwala. Ku Harvard adayamba mongodzipereka, malipiro adabwera pambuyo. Ntchito yawo idali kusaka nyenyezi zosinthasintha, zimene zimawala kwambiri, kenako n'kuzilala, n'kudzawalanso. Ankatenga magalasi awiri a malo amodzi a thambo ojambulidwa masiku osiyana, lina la madontho akuda lina la madontho oyera, n'kuwasanjikiza. Nyenyezi zosasintha zinkaphimbana ndendende, pomwe yosinthayo inkatsala poonekera. Galasi limodzi linkakhala ndi madontho zikwizikwi, ndipo magalasiwo ankabwera pa sitima ya pamadzi kuchokera ku Peru, ambiri ojambulidwa ndi telesikopu ya Mayi Bruce. Mu 1908 adatulutsa mndandanda wa nyenyezi zosinthasintha 1,777 za m'Mitambo ya Magellan, ndipo m'lipotilo adatchulamo kanthu kamene adakaona: zowala kwambiri zinkatenga masiku ambiri kuti zizilale ndi kuwalanso. Mu 1912 adatsimikiza zimenezi ndi nyenyezi 25 za m'kamtambo kakang'ono. Yofulumira inkatenga tsiku limodzi ndi maola ochepa, yochedwetsetsa masiku 127, ndipo kuwala kunkakwera motsatira masikuwo mwa dongosolo loti munthu angathe kuwerengetsera.

Mwina mukuti, nanga phindu lake n'chiyani? Mukaima m'mbali mwa nyanja usiku, asodzi a usipa atayatsa nyali zawo, simungadziwe ngati nyali yozilala ndi yaing'ono yapafupi kapena yaikulu yakutali. Koma wina atakuuzani mphamvu yeniyeni ya nyaliyo, mtunda mungauyeze poona mmene yazilalira. Vuto limeneli ndi limene lidasowetsa tulo akatswiri a nyenyezi. Mayi Leavitt adazindikira kuti nyenyezi za m'kamtamboko zili pa mtunda pafupifupi umodzi kuchokera kwa ife, choncho yooneka yowala ndi yowaladi. Ndiye kuti ukawerenga masiku a nyenyezi ya mtundu umenewu wadziwa mphamvu yake, ndipo ukayerekeza ndi mmene ikuonekera wadziwa mtunda wake. Ejnar Hertzsprung wa ku Denmark adayamba kuika manambala pa muyesowu mu 1913. Mu 1923 Edwin Hubble, ali pa Mount Wilson ku California, adapeza nyenyezi ya mtundu womwewo mu Andromeda, nayeza ndi muyeso wa Mayi Leavitt. Mpaka nthawiyo akatswiri ankakangana ngati Mlalang'amba wathu ndiwo chilengedwe chonse. Muyesowo udasonyeza kuti Andromeda ndi mlalang'amba wina woima pawokha, kutali kunja kwa wathu. Lero tikudziwa kuti kuwala kwa kamtambo kakang'ono kaja kumatenga zaka pafupifupi 200,000 kuti kutipeze, chikhalirecho kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mayiwa adadekha zaka zambiri pa mpando umodzi.

Ndikadalekera pomwepa mukadati ku Harvard kudali kokoma. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. A Pickering adatsegula khomo limene ena ambiri adalitseka, ndipo pamenepo tiwayamike, koma adalembanso akazi chifukwa adali otsika mtengo: ambiri ankalandira masenti 25 pa ola. Lipoti la 1912 lidatuluka ndi siginecha ya a Pickering, dzina la Mayi Leavitt likungotchulidwa m'mawu oyamba. Mayiwo adapatsidwa ntchito zina, ndipo muyeso wawo adaupititsa patsogolo ndi amuna amene adali ndi matelesikopu. Adamwalira ndi khansa mu 1921 ali ndi zaka 53. Mu 1925 katswiri wa masamu wa ku Sweden, Gösta Mittag-Leffler, adawalembera kalata yofuna kupereka dzina lawo kuti alandire mphoto ya Nobel, osadziwa kuti adaikidwa kale. Mayi Fleming, amene ankalera mwana okha, ankalandira madola 1,500 pa chaka pomwe amuna a udindo wofanana ankalandira 2,500, ndipo m'buku lawo la tsiku ndi tsiku la 1900 adadandaula za ichi mosabisa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mtambo wa mutu wa hatchi uja poyamba udalembedwa m'kaundula pa dzina la Pickering. Mayi Cannon adalemekezedwa ndi yunivesite ya Oxford mu 1925, koma Harvard yeniyeniyo idawapatsa udindo wovomerezeka mu 1938, ali ndi zaka 74. Nthendayi ndi yakale. Caroline Herschel, amene adapeza nyenyezi za mchira zisanu ndi zitatu ku England, mfumu George III idamuikira mapaundi 50 pa chaka mu 1787, mlongo wake William akulandira 200.

Timakonda kuuza atsikana kuti sunga khosi, mkanda woyera udzavala. Mwambiwu ndi woona pophunzira luso, koma suyenera kukhala chotsekera pakamwa munthu amene akudyeredwa masuku pamutu. Ndipo ndinene chowawa: ndalama za Mayi Draper zidagwira ntchito yaikulu chonchija, mwa zina, chifukwa amayi anzawo ankalipidwa mochepa. Amayi anzanga amene muli ndi mashopu, masukulu ndi maofesi, mukamalemba akazi ntchito dzifunseni ngati mwawasankha chifukwa cha luso kapena chifukwa sawiringula. Inunso mabwana ndi aphunzitsi a m'makoleji, dzina la amene wagwira ntchito lilembedwe pamwamba pa pepala iye akadali moyo.

Palinso phunziro la ife akuluakulu, ndipo limandikhudza. Mu 1923 ku Harvard kudafika mtsikana wa ku England, Cecilia Payne. Adaphunzira ku Cambridge, koma yunivesiteyo sinkapereka madigiri kwa akazi mpaka 1948. Chimene chidamufikitsa ku America ndi thumba lothandiza akazi limene lidakhazikitsidwa ndi bungwe lokumbukira Maria Mitchell, mayi wa ku Nantucket amene adapeza nyenyezi ya mchira mu 1847 ndipo adaphunzitsa atsikana ku koleji ya Vassar kuyambira 1865. Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Payne adatenga magalasi omwe aja, nawawerenga ndi nzeru zatsopano zimene Meghnad Saha wa ku India adatulukira, nasonyeza kuti magulu a Mayi Cannon amasiyana makamaka chifukwa cha kutentha. Adapezanso china chachikulu: nyenyezi zidapangidwa makamaka ndi mipweya iwiri yopepuka, hayidirojeni ndi hiliyamu, pomwe akatswiri a nthawiyo ankakhulupirira kuti zili ndi zinthu zofanana ndi za dziko lathu. Henry Norris Russell wa ku Princeton, mkulu wolemekezeka, adati zimenezo sizingatheke. Mtsikanayo adagonja, nalemba m'buku lake la digiri la 1925 kuti chiwerengerocho chikuoneka kuti si choona. Mu 1929 a Russell adafika pa yankho lomwelo mwa njira ina. Adamutchula Payne, inde, koma kwa zaka zambiri ulemu unkapita kwa iwo. Payne adakhala pulofesa wa Harvard mu 1956.

Timati mawu a akulu akoma akagonera, ndipo nthawi zambiri ndi zoona. Apa adagonera n'kukoma ndi mawu a mwana. Mkulu amene mwana wamubweretsera yankho lachilendo ayambe wafunsa kuti walipeza bwanji, awerengetsere limodzi, asanagwedeze mutu. Ndipo iwe mtsikana, masamu ako ukawabwereza kawiri katatu n'kutuluka chimodzimodzi, lankhula mwaulemu koma usafufute.

Ndikudziwa ena akuti: agogo, nyenyezi sizidyedwa, ife tikulira feteleza. Zoona, ndipo sindingakunamizeni kuti muyeso wa Mayi Leavitt udadzaza nkhokwe ya munthu. Koma mtsikana amene waphunzira kuyeza mosamala, kuwerengetsera ndi kusakhulupirira chinthu asanachiyese, ndi yemweyo adzayeze mankhwala m'chipatala, madzi mu damu ndi nyengo ya mvula. Ndiponso ntchito ya nyenyezi yafika pakhomo. Ku Karoo ku South Africa kudatsegulidwa mu 2018 telesikopu ya MeerKAT, ya mbale 64 zomvera mafunde ochokera kuthambo, ndipo Zambia ndi Mozambique ali m'gulu la mayiko a mu Africa ogwirizana pa ntchito yaikulu ya telesikopu ina yotchedwa SKA. Kumeneko kukufunika anthu a masamu, fizikisi ndi makompyuta.

Palibe pakati pathu amene ali ndi madola 50,000 a Mayi Bruce, koma ndalama zimayenda m'manja mwa amayi. Zimayenda ku banki m'khonde, pa perekaniperekani wa ukwati, pa nsalu za yunifolomu za chinkhoswe. Sindikuti tileke kusangalala. Ndikuti pogawana mu Disembala, gulu la amayi makumi awiri lingathe kupatula fizi ya mtsikana mmodzi wa m'mudzi mwawo amene adasankhidwa kupita ku sekondale koma wangokhala, ndipo lisamulipirire teremu imodzi yokha, limuperekeze mpaka alembe MSCE. Chimene ndimasilira mwa Mayi Draper si kukula kwa ndalama koma zaka 28 zosaleka. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe, ukachenjera manja udya naye.

Nthawi zina mutu wa masamu ndi dzanja lopatsa zimakumana mwa munthu mmodzi. Jocelyn Bell adabadwa mu 1943 ku Northern Ireland. Mu 1967, akuphunzira ku Cambridge, adaona pa mapepala otuluka m'telesikopu ya wailesi, imene iye mwini adathandiza kumanga, kachizindikiro kakang'ono kobwerabwera pa sekondi imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Adakakamira kukalondola ngakhale poyamba ena ankati ndi zosokoneza chabe, ndipo kadapezeka kuti ndi mtundu watsopano wa nyenyezi, zotchedwa pulsar. Mphoto ya Nobel ya 1974 idapita kwa mphunzitsi wake Antony Hewish ndi Martin Ryle, iye ayi. Mu 2018, ali gogo, Mayi Bell adalandira mphoto ina ya madola 3 miliyoni, ndipo yonse adaipereka ku bungwe la Institute of Physics kuti izilipirira maphunziro apamwamba a fizikisi kwa akazi, othawa kwawo ndi ena amene sapezekapezeka m'makalasi amenewo. Patsepatse n'kulanda, mwana wa mfulu apatsa yekha.

Koma zonsezi zikadalephereka pa chinthu chaching'ono. Ali mwana ku Lurgan, sukulu yake inkatumiza anyamata ku kalasi ya sayansi, atsikana ku kalasi yophika ndi kusoka. Makolo ake pamodzi ndi makolo ena adakana zimenezo mpaka sukulu idalola kuti atsikana alowe. Inu makolo, teremu ikubwerayi musangotumiza fizi pa foni. Pitani nokha kusukuluko, mukakhale pansi ndi aphunzitsi, mukafunse maphunziro amene mwana wanu wamkazi akutenga ku Fomu 3. Mukapeza kuti fizikisi ndi kemisitiri palibe, mufunse ngati adazisiya yekha kapena pali amene adamusankhira.